Chida Chalowa pa Mapini, Koma Kodi Thirakitala Yanu Ichikwanitsa?

Izi zimachitikira anthu ambiri amene angogula thirakitala yaing'ono, ija ya mahosipawa (muyezo wa mphamvu ya injini) pakati pa 20 ndi 50. Munthu wapeza chotchetchera udzu chooneka bwino, wawerenga kuti chimafuna mahosipawa 25, thirakitala yake ndi ya 25, basi wagula. Kumangirira kwayenda bwino, mapini onse atatu alowa. Akati achikweze kuti apite kumunda, matayala akutsogolo akungogunda pansi mwa apo ndi apo, chiwongolero chapepuka ngati chaduka, ndipo pokhota thirakitala ikungolowera kumene yafuna. Chotchetcheracho chilibe vuto, thirakitalanso ili bwinobwino, kungoti sizoyenerana.

Chida chimakumana ndi thirakitala pa malo angapo: pa mikono yonyamulira ya kumbuyo, pa shafiti ya PTO imene imazunguza chida, pa mapayipi a haidiroliki odutsa oyilo wokankha masilinda, ndipo zina kutsogolo pa loader, mikono ija yonyamula fosholo. Malo alionse ali ndi miyeso yake. Koma kwa ine, pa makina ang'onoang'ono kulemera ndi kumene kumagamula mlandu, mahosipawa amangokhala mboni. Mathirakitala amakono a mtundu umenewu ali ndi injini zamphamvu pa thupi lopepuka. Ambiri safika matani awiri, ndipo ang'ono kwambiri safika n'komwe tani imodzi. Mphamvu yozunguzira chida imakhalapo, chimene chimachepa ndi thupi loti lichigwire.

Tiyambe ndi mikono itatu ya kumbuyo, iwiri yam'munsi ndi umodzi wa pamwamba umene amakanika amangoti top link. Imeneyi ndi nzeru ya Harry Ferguson wa ku Ireland. Analembetsa luso lakeli mu 1926, ndipo linafalikira pamene thirakitala ya Ford 9N inatuluka nalo mu 1939. Izi zisanabwere pulawo inkangokokedwa ngati ngolo, ndiye ikakodwa pa chitsa kapena pa mwala, thirakitala inkatha kudzuka kutsogolo n'kugwa chagada, woyendetsa ali pansi pake. Ferguson anakonza zoti mphamvu imene nthaka ikulimbana nayo pulawo idutse m'mikonoyo n'kukanikizira thirakitala pansi. Choncho pulawo ikakhala m'nthaka imathandiza matayala kugwira. Koma ikangokwezedwa m'mwamba imasanduka katundu wolendewera kumbuyo, ndipo apa m'pamene thirakitala yopepuka imaonekera ng'amba.

Mikonoyi inagawidwa m'magulu, ndipo miyeso yake inalembedwa mu muyezo wa ISO 730. Mathirakitala ang'onoang'ono ambiri ndi a Category 1: pini ya top link ndi ya mamilimita 19, mapini am'munsi ndi a mamilimita 22, ndipo mtunda wa pakati pa mapini awiri am'munsiwo ndi mamilimita 683. Category 2 ili ndi pini ya pamwamba ya mamilimita 25, am'munsi 28, mtunda 825. Palinso Category 0 ya timakina ta pa kapinga, ya mapini a mamilimita pafupifupi 16. Chida cha Category 1 chikhoza kulowa pa thirakitala ya Category 2 mukaveka mapini ake timabushi tokulitsa. Kubwerera kwinako n'kumene kuli msampha. Anthu amachotsa mapini a Category 2 pa chida, n'kuika ang'ono, n'kumasangalala kuti chalowa. Amaiwala kuti wopanga chidacho anaika mapini aakulu chifukwa chitsulo chonsecho anachipangira thirakitala yaikulu.

Pali kanthu kenanso kamene ogulitsa satchula kawirikawiri. Mathirakitala ang'ono kwambiri ena amalembedwa kuti limited Category 1. Mapini ndi omwewo, koma mikono ndi yaifupi, ili pafupi ndi nthaka, ndipo siikwera kwambiri. Chida chachitali ngati chobowolera maenje a mizati chimalowa ndithu, koma nsonga yake imakana kutuluka m'dzenje kapena imakwekwereza pansi poyenda.

Tsopano nambala ya mphamvu yonyamula. M'buku la thirakitala mumapezeka ziwiri: ina yoyezedwa pa mapeto penipeni pa mikono, ina yoyezedwa mamilimita 610 kumbuyo kwa pamenepo. Yachiwiriyi ndi yocheperapo, ndipo ndi imene ili pafupi ndi zoona. Nyamulani ndowa ya madzi mutaiyandamitsa pathupi, kenaka muinyamule mkono mutautambasula, mumva kusiyana kwake. Bokosi la makilogalamu 250 lokhala pafupi ndi mikono silivuta, koma chotchetchera cha makilogalamu 250 omwewo chimene thupi lake latalikira mamita awiri kumbuyo chimanyamula kutsogolo kwa thirakitala. Lamulo limene ambiri amatsatira n'lakuti gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera konse, kapena kupitirirapo, lizitsala pa matayala akutsogolo chida chikakwezedwa. Zikachepera apo, ikani zitsulo zolemetsa kutsogolo, kapena musiye loader ili pomwepo. Zikavutabe, chidacho si chanu.

PTO ndiye nkhani yofunika kuikhalira pansi. Ndi kashafiti kotulukira kumbuyo kwa thirakitala kamene kamapereka mphamvu ya injini ku chida. Kampani ya International Harvester ndi imene inayamba kukaika pa thirakitala yogulitsa mu 1918. Pa makina ang'onoang'ono a masiku ano kamazungulira ka 540 pa mphindi, kali ndi mano 6, ndipo n'konenepa mamilimita 35. Mathirakitala aakulu alinso ndi ka 1000 pa mphindi ka mano 21, ndipo chida chopangidwira 540 sichiyenera kuzunguzidwa pa liwiro limenelo. Mukaima kumbuyo n'kuyang'ana thirakitala, PTO imazungulira motsatira mivi ya wotchi. Ndatchula zimenezi chifukwa mathirakitala ena akale a ku Japan, monga Kubota B6000, ali ndi PTO yozungulira mobwerera, ndipo ena ali ndi magiya a PTO atatu kapena anayi. Wogula thirakitala yakale yotero ayambe waona mbali imene shafiti ikuzungulira asanagule chida chilichonse.

Mahosipawa nawo alipo awiri. Nambala yolembedwa pa bonati ndi ya injini. Imene imafika pa PTO ndi yocheperapo, chifukwa ina imathera m'magiya ndi m'mapampu, makamaka pa thirakitala ya hydrostatic, ija yoyendera mapedulo awiri popanda kusintha magiya. Thirakitala ya mahosipawa 25 nthawi zambiri imapereka 19 kapena 20 pa PTO. Opanga zida akalemba mphamvu imene chida chikufuna, kawirikawiri amanena ya PTO. Pa chotchetchera tchire, kuwerengera kwachidule ndi mahosipawa 5 a PTO pa masentimita 30 alionse a m'lifupi mwake. Ndiye kuti wa 20 uja chake ndi cha mita 1.2, osati cha mita 1.8 chimene maso akukhumbira. Chachikulucho chidzayenda pa udzu waufupi wouma, koma chikalowa m'tchire lonyowa injini idzayamba kubuula, utsi wakuda tolotolo, inu mukuyenda ngati nkhono. Chaching'ono choyenda pa liwiro labwino chimamaliza munda msanga.

Pa rotavator, chogawula nthaka cha mipeni yozungulira, m'lifupi muli funso lina. Chimayenera kufufuta mapazi a matayala onse awiri, apo ayi mudzasiya mzere woponderezedwa pa ulendo uliwonse. Ngati mphamvu siikulola chachikulu chotero, pali zina zimene zimasunthira mbali imodzi kuti zifufute tayala limodzi, ndipo mumalima mozungulira kuti linalo lizigwera pamene simunafike.

Shafiti yolumikiza PTO ndi chida imabwera yaitali dala, ndipo kuidula ndi ntchito ya mwini thirakitala. Ambiri sadziwa zimenezi. Shafitiyo ndi mapayipi awiri olowana, ndipo imafupika kapena kutalika chida chikamakwera ndi kutsika. Imafupika kwambiri pamene kashafiti ka thirakitala ndi ka giyabokosi ya chida tili pa msinkhu umodzi. Ngati pamenepo mapayipi afika pothera koma mikono ikukwezabe, mphamvu yonse ya haidiroliki imakankhira shafitiyo m'mimba mwa thirakitala. Zimene zimasweka ndi mabering'i a PTO, nthawi zina ndi chikombole chenicheni cha kumbuyo, ndipo kukonza kwake kumaposa mtengo wa chidacho.

Kadulidwe kake n'kotere. Mangirirani chida pa mikono, chikwezeni mpaka timashafiti tiwiri tija tiyang'anane, zimitsani injini ndipo chidacho muchiike pa chochirikiza. Solololani shafiti ikhale zigawo ziwiri, china muchilumikize ku thirakitala, china ku chida, n'kuzigundanitsa m'mbali kuti muone pamene zikupitirirana. Chongani kuti patsale mpata wa masentimita atatu mpaka asanu zisanafike pothera. Mulingo umene mwadula ku payipi imodzi mudulenso womwewo ku inzake, ndiponso ku zikuto zapulasitiki zonse ziwiri. Palani m'mphepete ndi fayilo, chotsani tizitsulo tonse, pakani girizi. Kenaka tsitsani chida mpaka pansi penipeni n'kuona ngati mapayipi akulowanabe gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wake kapena kupitirira. Yezani kawiri musanagwire sowo, chifukwa chimene chadulidwa sichimeranso. Shafiti yodulira thirakitala ina iyezedwenso ikasamukira pa ina.

Pa shafiti yomweyo pamakhala chitetezo cha magiya. Njira yotchipa ndi shear bolt, bawuti lofewa limene linapangidwa kuti liziduka mpeni ukamenya mwala. Likaduka kawiri katatu pa tsiku munthu amatopa, n'kutola bawuti lolimba m'bokosi la masipanala. Kuyambira pamenepo bawuti silidukanso, imene imaduka ndi giyabokosi. Gulani angapo a mtundu umene buku lanena, azikhala pa thirakitala pomwepo. Njira ina ndi slip clutch, timbale tokanikizana ndi masipuling'i timene timaterereka chida chikakodwa. Iyi ndi yabwino pa rotavator ndi m'munda wa miyala, koma ili ndi khalidwe lake: ikakhala miyezi osagwira ntchito timbale timamatirirana ndi dzimbiri, ndipo imakhala ngati palibe. Nyengo ikamayamba masulani manati ake, iterereke kwa masekondi ochepa, kenaka mumangenso pa mulingo wake wakale.

Mathirakitala akale amene PTO yake imayendera limodzi ndi magiya a matayala amafunanso overrunning clutch, kachipangizo ka pa PTO koletsa chida kukankha magiya, akamakoka chotchetchera. Popanda imeneyi, mipeni yolemera ija ikamazungulirabe imakankha thirakitala kupita kutsogolo ngakhale mwaponda kalachi, ndipo mpanda kapena dzenje zimakupezani mukuona.

Chikuto chapulasitiki cha pa shafiti chisachoke, ndipo katcheni kake kakoledwe kuti chisamazungulire nawo. Ka 540 pa mphindi ndi maulendo 9 pa sekondi imodzi. Malaya akakodwa palibe munthu amene angachite changu choposa pamenepo.

Za haidiroliki tidutse mwachangu, ngakhale zimakhumudwitsa ambiri. Chida chokhala ndi silinda yakeyake chimafuna potulukira oyilo kumbuyo, ndipo mathirakitala ang'onoang'ono ambiri amagulitsidwa opanda. Chogwirira mitengo cha pa loader, chija chotseka ngati nsagwada, chimafuna valavu yachitatu kutsogolo. Zonsezi zimaikidwa, koma muziwerengere pa mtengo wa chida musanagule. Onaninso malita amene pampu imatulutsa pa mphindi, ndipo samalani: nambala yaikulu ya pa chikalata chotsatsira malonda nthawi zambiri imaphatikiza oyilo wopita ku chiwongolero. Silinda imagwirabe ntchito ndi oyilo wochepa, imangochedwa. Chida choyendera mota ya haidiroliki ndiye chimafookeratu. Polumikiza mapayipi zimitsani injini, gwedezani ndodo za mavalavu kuti mphamvu ituluke, ndipo pukutani milomo yonse, popeza kamchenga kamodzi kamakanda pampu. Pamene pakudontha musafufuze ndi dzanja. Oyilo wa m'menemo amapitirira 100 bar, pamene tayala la galimoto limakhala ndi 2 bar ndi pang'ono, ndiye amatha kubowola khungu. Gwiritsani ntchito kachidutswa ka katoni.

Loader ndi chida chimene chimagwira ntchito zambiri kuposa china chilichonse pa thirakitala yaing'ono, komanso ndi chimene chimaigubuduza kawirikawiri. Nayonso ili ndi manambala awiri: mphamvu yoyezedwa pa mapini a fosholo yake ndi yoyezedwa mamilimita 500 kutsogolo. Kulemera kwa fosholo kapena mafoloko onyamulira mapaleti kumadya nawo mphamvuyo, choncho mafoloko olemera opangidwira makina omangira nyumba amakulandani katundu amene mukananyamula. Mchenga wonyowa umalemera pafupifupi matani awiri pa kiyubiki mita, ndiye fosholo yooneka yaing'ono ya 0.2 kiyubiki mita yanyamula kale makilogalamu pafupifupi 400. Fosholo yaikulu ndi ya zinthu zopepuka ngati utuchi. Onaninso mtundu wa cholumikizira cha kutsogolo, popeza pali cha skid steer (timakina tonyamulira katundu pa zomangamanga), cha Euro, ndipo makampani ena monga John Deere ali ndi chawochawo. Sizilowana popanda adaputa, ndipo adaputayo imalemera komanso imakankhira katundu kutsogolo.

Chimene chimachitika fosholo ikadzaza n'chakuti ekiselo ya kutsogolo imasanduka potsamira, matayala akumbuyo n'kupepuka. Koma ekiselo ya kutsogoloyo imapendekera pa pini imodzi ya pakati, kutanthauza kuti amene amaletsa thirakitala kugwera m'mbali ndi matayala akumbuyo. Akapepuka, mabuleki nawonso apita, chifukwa pa mathirakitala ambiri otere mabuleki ali kumbuyo. N'chifukwa chake loader imafuna cholemetsa kumbuyo. Anthu ena amathira madzi m'matayala akumbuyo mpaka magawo atatu mwa anayi, ena amamanga zitsulo pa malimu. Zonsezi zimathandiza kugwira nthaka, koma sizipeputsa ekiselo ya kutsogolo. Chimene chimaipeputsa ndi katundu wolendewera pa mikono itatu, kumbuyo kwa ekiselo ya kumbuyo, monga bokosi lodzaza konkire kapena chida cholemera chachifupi. Ichi chimakoka mbali inayo ngati pa sikelo. Buku la loader limanena makilogalamu ofunika. Poyenda, fosholo izikhala m'munsi, yongokwanira kuti isagunde pansi.

Backhoe yokumbira ngalande ndingoinena mwachidule: pa thirakitala yaing'ono sankhani yokhala ndi felemu yakeyake yomangidwa kunsi kwa thirakitala. Yongokoleka pa mikono itatu imakoka malo omangapo top link ndi mphamvu imene malowo sanapangidwire.

Kumangirira chida kuli ndi dongosolo limene limapulumutsa msana ndi zala. Bwererani pang'onopang'ono molunjika mpaka mabowo a mikono ayandikire mapini. Ikani buleki ya manja, zimitsani injini. Yambani ndi mkono wakumanzere, chifukwa pa mathirakitala ambiri umenewo ndi wosasinthika. Kenaka wakumanja, umene uli ndi chopotokola chokweza kapena kutsitsa kuti bowo likumane ndi pini. Top link ibwere pachitatu, shafiti ya PTO pomaliza, ndipo muikoke kuti mumve kuti loko yake yagwira. Pini iliyonse itsekedwe ndi kapini kake ka mphete, osati msomali kapena waya. Munthu asaime pakati pa thirakitala ndi chida injini ikulira. Ngati mumasintha zida kangapo pa sabata, quick hitch, felemu ya mbedza yokolera chida mwachangu, imathandiza kwambiri, koma imasunthira chida kumbuyo masentimita pafupifupi 10. Zimenezi zimachepetsa mphamvu yonyamula, zimatalikitsa mtunda wa shafiti, ndipo zida zina zakale sizilowamo.

Chida chikamangidwa, koyamba chikwezeni pang'onopang'ono PTO ili chozimitsa, mukuyang'ana kumbuyo. Onani ngati chikugunda matayala, ngati shafiti ikukhudza drawbar (chitsulo cha kumbuyo chokokera ngolo), ndiponso ngati mfundo za shafiti zapindika kwambiri. Mukapeza msinkhu wabwino, ikani chotsekera pa ndodo yokwezera kuti isamapitirire pamenepo.

Zotsalazo ndi kuchuna, ndipo apa m'pamene chida chomwecho chimagwira bwino kwa wina n'kukanika kwa mnzake. Top link ikafupika chida chimaweramira kutsogolo n'kuluma nthaka kwambiri. Ikatalika chimatsamira kumbuyo n'kumasalaza. Pa box blade, bokosi lachitsulo lokhala ndi mpeni wokonzera msewu, kupotokola top link kawiri kokha kumasintha ntchito yonse. Chotchetchera tchire chizikhala chotsika pang'ono kutsogolo, masentimita awiri kapena atatu, kuti udzu udulidwe kamodzi osati kawiri, ndipo cholumikizira chake cha pamwamba chizikhala chomasuka kuti chizitsatira zitunda. Matcheni a m'mbali oletsa chida kugwedezeka amamangidwa zolimba poyenda pa msewu ndi potchetcha, koma pa pulawo amasiyidwa omasukirako kuti izitsatira mzere yokha. Pulawo imachunidwa tayala lakumanja lili kale mu mzere, chifukwa thirakitala imakhala itapendekeka. Ngati thirakitala yanu ili ndi draft control, imene imakweza pulawo pang'ono nthaka ikalimba, ndi ya zida zolowa m'nthaka zokha. Pansi pa mpando pamakhala kachitsulo kopotokola kochepetsa liwiro limene chida chimatsikira. Chida cholemera chikamagwa ndi phokoso, yankho lili pamenepo.

Zowonjezera zing'onozing'ono nazo zili ndi malamulo ake. Nyali za LED n'zabwino chifukwa alternator (chopangira magetsi) ya thirakitala yaing'ono siipereka magetsi ambiri, koma waya wake akhale ndi fyuzi. Pomanga nyali, denga la dzuwa kapena bokosi la masipanala, musabowole kapena kuwotcherera pa ROPS, chitsulo chija chopindika cha kumbuyo kwa mpando. Dziko la Sweden linayamba kuchilamula pa mathirakitala atsopano mu 1959, ndipo chimagwira ntchito limodzi ndi lamba wa pampando. Bowo limodzi limachifooketsa pamalo pamene chiyenera kulimba. Pali zomangira za mabawuti zongokumbatira chitsulocho. Ngolo, chitsa kapena galimoto yotitimira zikokedwe pa drawbar basi, chifukwa ili m'munsi mwa ekiselo. Tcheni chikakoledwa pa top link kapena pa ekiselo, thirakitala imadzuka kutsogolo, ndipo sekondi imodzi isanathe imakhala itafika poti singabwererenso.

Chida chatsopano chisanagwire ntchito, tsegulani giyabokosi yake. Zambiri zimatumizidwa zopanda oyilo kuti asatayike pa ulendo, ndipo kapepala kochenjeza kamatha kuthothoka m'njira. Pakani girizi pa mfundo za shafiti, gwirani ntchito ola limodzi, imani, zimitsani, mumangenso mabawuti onse, makamaka a mipeni ndi a felemu ya loader. Pochimasula, sankhani malo olimba ndi osalala, ikani thabwa pansi pa mwendo wake kuti chisatitimire kapena kupendekeka, ndipo shafiti muikoleke m'mwamba isagone m'dothi.